Chomera cha pa Phiri la Mabu Chimene Sichigunda Dothi: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amaidziwa njira ya pa Muloza yolowera ku Milange. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kutsogolo kwa njira imeneyo, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kuli phiri lotchedwa Mabu, ndipo pafupi ndi nsonga yake pamamera chomera chimene akatswiri sanachionepo kwina kulikonse pa dziko lapansi. Dzina lake la sayansi ndi *Helixanthera schizocalyx*. Si mtengo, si udzu, ndipo chilibe muzu wolowa m'dothi. Asayansi anachidziwa mu 2008. M'munsimu muli mafunso amene munthu amakhala nawo akamva nkhaniyi koyamba, kuphatikizapo lija lachipongwe pang'ono lakuti, "Ndiye ife tipindulanji nacho?"

Kodi chomera chimenechi n'chotani?

Ndi kachitsamba kakang'ono, kotalika mwina theka la mita, kamene kamamera pa nthambi za mitengo ina. Masamba ndi timitengo take n'zosalala, zopanda ubweya, ndipo maluwa ake ndi obiriwira mosakanikirana ndi chikasu. Kali m'banja la zomera lotchedwa Loranthaceae, limene lili ndi mitundu pafupifupi 1,000 m'maiko otentha. Kagulu kake ka *Helixanthera* kamapezeka mu Africa ndi ku Asia.

Amene anakulira kumudzi abale a chomerachi amawadziwa, ngakhale sangawatchule dzina la m'buku. M'chilimwe, mitengo itayoyola masamba, mumaona kamtolo kobiriwira kali pa nthambi ngati chisa cha mbalame. Mukayandikira mumapeza kuti masambawo si a mtengowo ayi, n'chinthu china chimene changodzimamatiza pamenepo. Mitundu yambiri ya kuno kwathu imakhala ndi maluwa ofiira, aatali, owonda ngati mitengo ya machesi, amene mbalame za choso zimakonda kuyamwamo timadzi. Cha ku Mabu sichidzionetsera chotero. Maluwa ake ndi aang'ono ndi osawala, ndipo akatswiri amaganiza kuti mungu wake umanyamulidwa ndi tizilombo touluka, osati mbalame.

Chomera chingamere bwanji pa nthambi popanda dothi?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tichedwepo.

Zomera za banja limeneli zimabala tizipatso tating'ono tokhala ndi njere imodzi, ndipo njereyo imakutidwa ndi utomoni womata ngati ulimbo. Kambalame kamameza chipatsocho, mnofu wake n'kugayika, kenako kamalavula njere. Koma njereyo sigwa pansi. Imakanirira kukamwa, kambalameko n'kuyamba kupukutira mlomo pa nthambi imene kateraponso, uku ndi uku, mpaka njere itamatirira pa khungwa. Ulendo wa njere wathera pomwepo. Ikatera pa mwala kapena pa nthambi youma, yafa. Ikatera pa mtengo wosayenera, imamera masiku angapo n'kufota.

Ikagwera pabwino, imatulutsa kamphukira kamene kamaweramira pa khungwa, n'kuphwatalala ngati chala chopanikiza, kenako n'kuboola mpaka kukafika pa mitsempha ya mtengo imene madzi amakwerera kuchokera ku mizu. Pamenepo ziwirizo zimalumikizana, ndipo nthambi imatupa pang'ono ngati chipfundo. Mlimi amene anamezanitsapo mango kapena malalanje amvetsa msanga: kamtengo ka pamwamba kamamwa kudzera m'tsinde la kamzake. Kusiyana kwake n'kwakuti pano palibe mpeni, palibe pulasitiki yomangira, ndipo mwini tsinde sanafunsidwe.

Chomerachi chimatenga madzi ndi michere ya m'nthaka kwa mtengowo, koma chakudya chimapanganso chokha ndi masamba ake obiriwirawo pothandizidwa ndi dzuwa. Ndi mlendo wophika yekha nsima, koma madzi ndi mchere n'za eni nyumba.

Pa Mabu, mtengo umene anachipezapo ndi *Psychotria zombamontana*, kamtengo kakang'ono ka m'banja limodzi ndi khofi. Werenganinso dzinalo pang'onopang'ono: zomba-montana, kutanthauza kuti wa ku phiri la Zomba. Mwini nyumbayo dzina analitengera kwathu konkuno.

Ndiye kuti chimapha mtengo umene chameraponso?

Kawirikawiri ayi. Mtengo ukafa nachonso chafa, choncho kupha mwini nyumba n'kudzipha. Zomera zotere zikachuluka kwambiri pa mtengo umodzi wa zipatso zimaufooketsa, ndipo mlimi sakulakwa kudula nthambiyo. M'nkhalango yachilengedwe nkhani ndi ina: zimapatsa mbalame zipatso, agulugufe ena amaikirapo mazira, ndipo masamba ake akayoyoka amanenepetsa nthaka ya pansi pa mtengowo.

Phiri la Mabu lili pati kwenikweni?

Lili m'boma la Lugela, m'chigawo cha Zambezia, makilomita osakwana 100 kum'mwera chakum'mawa kwa phiri la Mulanje. Nsonga yake ili pa mamita pafupifupi 1,700, choncho pa Sapitwa wa mamita 3,002 ndi mwana. Chimene Mabu amaposera anzake ndi nkhalango. Mahekitala opitirira 7,000 a mitengo italiitali yothithikana akuta mapewa a phirili mosadukiza, ndipo akatswiri amati imeneyi ndi nkhalango yamvula yaikulu kuposa zonse za pa msinkhu wotere kum'mwera kuno kwa Africa. M'munsi mwake muli esiteti yakale ya tiyi imene inasiyidwa nthawi ya nkhondo, mitengo ya tiyiyo n'kukula mpaka kusanduka thengo.

Chomera chathuchi sichili m'nkhalango ya mitengo italiitaliyo. Chili pamwamba, pafupi ndi matanthwe a kunsonga, kumene mphepo ndi kuchepa kwa dothi zimapinimbiritsa mitengo, nthambi zili ndere zokhazokha, ndipo nkhungu imafika ngati kwawo.

N'zoona kuti nkhalangoyi inapezeka ndi Google?

Manyuzipepala a ku Ulaya anaikonda kwambiri nkhani imeneyi kumapeto kwa 2008, mpaka ena kuitcha nkhalango ya Google. Zoona zake n'zakuti mu 2005 Dr Julian Bayliss, amene panthawiyo ankagwira ntchito zosamalira zachilengedwe pa phiri la Mulanje, ankayang'ana zithunzi za setilaiti pa Google Earth kufunafuna mapiri a ku Mozambique ofanana ndi Mulanje. Anaona banga lobiriwira kwambiri pamalo pamene mabuku a sayansi sananenepo kanthu. Anapitako kukaona ndi maso, ndipo anabwererako kangapo. Mu Okutobala 2008 kunapita gulu lalikulu la anthu 28 motsogozedwa ndi Jonathan Timberlake wa ku Royal Botanic Gardens, Kew, malo ofufuzira zomera a ku London, ndi thandizo la ndalama la Darwin Initiative ya boma la Britain. M'ntchitoyi munalinso bungwe la kafukufuku wa zaulimi la Mozambique lotchedwa IIAM, BirdLife International, komanso a kwathu a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Forestry Research Institute of Malawi.

Kompyuta inangoloza chala. Chithunzi cha setilaiti sichingakuonetseni kachitsamba ka theka la mita kobisala m'nthambi za kamtengo kena. Kuti chomeracho chioneke panafunika miyendo, akatundu osenza mahema ndi ufa, alenje a m'deralo odziwa tinjira, ndi munthu wina wokhala ndi chizolowezi choyang'ana m'mwamba pamene anzake akuyang'ana pansi.

Anachiona ndani?

Colin Congdon, ndipo chodabwitsa n'chakuti iye ndi katswiri wa agulugufe, osati wa zomera. Anakhala zaka zambiri ku Tanzania akufufuza agulugufe a m'mapiri a kum'mawa kwa Africa.

Sizinangochitika mwamwayi. Pali magulu a agulugufe, monga *Mylothris* ndi *Iolaus*, amene mbozi zawo zimadya masamba kapena maluwa a zomera za pa nthambizi. Munthu wofuna kudziwa moyo wa gulugufe wotere ayenera kupeza pamene amaikira mazira, ndiye kuti amatha zaka akusuzumira m'timitolo tobiriwira tija mmodzimmodzi. Pofika pa Mabu, Congdon anali atazidziwa bwino zomera zotere za m'mapiri a Tanzania ndi Malawi. Ataona ichi anazindikira kuti sichikufanana ndi chilichonse mwa izo. Msodzi wa ku Nkhotakota sachedwa kuzindikira nsomba yachilendo mu ukonde, osati chifukwa choti anaiwerenga penapake, koma chifukwa zinzakezo amazigwira tsiku ndi tsiku.

Chinaoneka mu 2008, koma dzina linatuluka patapita zaka. Chinachedwetsa n'chiyani?

Kunena kuti "ichi n'chachilendo" n'kosavuta. Kutsimikiza kuti palibe munthu wina amene anachilembapo kale, ku Tanzania, ku Congo kapena ku India, ndiyo ntchito.

Imayambira kuthengo komweko. Wotolera amadula kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, ndipo pa chomera chotere amadulanso kachidutswa ka mtengo umene chameraponso. M'kabuku amalemba nambala, tsiku, malo, kutalika kwa malowo kuchokera pa nyanja, ndi mtundu wa maluwa, chifukwa akauma onse amangosanduka ofiirira. Kanthambiko amakayala pakati pa manyuzipepala akale, tsamba lina chagada lina chafufumimba kuti mbali zonse zidzaoneke, n'kupanikiza ndi timatabwa tomanga ndi malamba. M'nkhalango yonyowa ngati ya Mabu mapepala amafunika kusintha pafupipafupi ndi kuwaumika ndi kamoto kapang'onopang'ono, apo ayi zonse zimachita chuku. Maluwa ena amawaika m'kabotolo ka sipiriti kuti asaphwanyike maonekedwe.

Zitsanzozo zimapita ku nyumba zosungira zomera zouma, zimene amazitcha herbarium. Ya ku Kew ku London ili ndi zitsanzo pafupifupi 7 miliyoni. Kumeneko katswiri amanyika duwa louma m'madzi ofunda kuti lifewe, n'kuling'amba pansi pa maikulosikopu, kuyeza kachigawo kalikonse, n'kuyerekeza ndi abale ake onse odziwika. Pa chomera cha ku Mabu ntchitoyi anaigwira Tim Harris, Iain Darbyshire ndi Roger Polhill, womalizayu ndi mmodzi mwa akatswiri odziwa kwambiri banja la Loranthaceae mu Africa. Kew inachiika pa mndandanda wa zomera zatsopano zochititsa chidwi za chaka cha 2010, ndipo kufotokoza kwake konse kunatuluka m'magazini ya sayansi ya Kew Bulletin mu 2011. Panthawiyo chinkadziwika ndi zitsanzo zisanu zokha, zonse zochokera pa kadera kamodzi.

Zaka ziwiri kapena zitatu m'ntchito imeneyi ndi liwiro. Zomera zambiri zimagona m'makabati zaka makumi angapo zisanapeze munthu woziyang'ana bwino. Ngakhale zili choncho, chaka chilichonse asayansi amatcha maina zomera zatsopano pafupifupi 2,000.

Dzina lovuta chonchi likutanthauza chiyani? Analephera kupeza lapafupi?

Mawu oyamba, *Helixanthera*, ali ngati mfunda, a kagulu konse. Achiwiri, *schizocalyx*, ndi a Chigiriki, ndipo akutanthauza kuti kachikho ka pansi pa duwa n'kong'ambika. Chimenecho ndi chizindikiro chimene chimasiyanitsa chomerachi ndi abale ake. Kachitidwe kotcha maina awiri kanakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, ndipo mpaka kumapeto kwa 2011 lamulo linkafuna kuti chomera chatsopano chifotokozedwe m'Chilatini. Kuyambira mu Januwale 2012 Chingerezi nacho chinaloledwa.

Ubwino wake ndi woti wa ku Maputo, wa ku Zomba ndi wa ku Tokyo akatchula dzinalo onse amanena chinthu chimodzi. Ndipo si kuti zilankhulo zathu n'zoletsedwa. Pa Mabu pomwepo panapezeka mtundu watsopano wa bilimankhwe umene anautcha *Nadzikambia baylissi*. Mawu oyambawo ndi nanzikambe wathu yemweyu atavala jekete la Chilatini. Mnzake, *Nadzikambia mlanjensis*, amakhala m'nkhalango za Mulanje. Maina otere akadachuluka bwenzi ana a sukulu asakuona sayansi ngati chinthu chobwera pa ndege.

Mukuti "chatsopano". Chatsopano kwa yani? Anthu a kumeneko sankachidziwa?

Funso labwino, ndipo mawu oti "kutulukira" amafunika kuwagwira mosamala. Chomerachi chakhala pa phiripo zaka zosawerengeka. Nkhalangoyo anthu a m'midzi yozungulira amaidziwa kuyambira kale, amasakamo nyama, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 mabanja ena anabisalamo. Amene anatsogolera asayansi kunsonga ndi anthu omwewo. Mu 2018 gulu lina la Bayliss linakwera phiri la Lico, ku Zambezia komweko, limene lazunguliridwa ndi matanthwe oongoka moti anachita kuitana akatswiri okwera ndi zingwe. Ankayesa kuti ndi oyamba kupondako. Pafupi ndi kasupe wa pamwambapo anapeza miphika yadothi.

Choncho "chatsopano" apa chikutanthauza kuti n'chatsopano m'kaundula wa sayansi, basi. Komabe tisapeputse kaundulayo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlenje wa ku Lugela akhoza kuchidziwa chomeracho, koma alibe njira yodziwira kuti ku Namuli, ku Mulanje ndi ku Tanzania kulibe. Zimenezo zimadziwika poyerekeza zitsanzo za m'maiko ambiri. Ndipo chomera chopanda dzina lolembedwa sichingalowe pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, ngakhale m'chikalata chopempha boma kuti liteteze malo. Cholakwika chimakhalapo pamene mbiri ikutchula mlendo yekha, wolondolera njira n'kungotchedwa "munthu wina wa m'deralo".

N'chifukwa chiyani chimapezeka pa phiri limodzi lokha?

Tonse timachidziwa chiperoni, kamvula kowaza ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imadzera. Mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya mchere ya India ikagunda mapiri ngati Chiperone, Mabu, Namuli ndi Mulanje imakwera, n'kuzizira, n'kutula madzi ake. N'chifukwa chake pamwamba pa mapiriwa pamakhala pobiriwira ngakhale m'zigwa udzu utauma.

Kalekale, zaka mamiliyoni zapitazo, nyengo ya Africa inali yonyowa kuposa lero ndipo nkhalango zinali zolumikizana. Dziko litayamba kuuma nkhalango zinathawira m'mapiri, phiri lililonse n'kutsala ngati chilumba pakati pa nyanja ya tchire la miombo. Zamoyo zotsekeredwa pa chilumba chimodzi zimasintha pang'onopang'ono mwa njira yawoyawo mpaka kusiyana ndi abale awo a pa chilumba china. Pa Mabu papezeka njoka ya mtundu wakewake yotchedwa *Atheris mabuensis*, mleme wotchedwa *Rhinolophus mabuensis*, kabilimankhwe kakang'ono ka pansi kotchedwa *Rhampholeon maspictus*, ndi agulugufe angapo. Ku Namuli, phiri la mamita 2,419 pafupi ndi tawuni ya Gurué, kunapezeka zomera ngati *Crotalaria namuliensis* ndi *Isoglossa namuliensis*. Mulanje naye ali ndi zomera pafupifupi 70 zake yekha.

Mu 2024 Bayliss ndi anzake ambiri analemba kuti mapiri a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique ayenera kuonedwa ngati dera limodzi lachilengedwe, ndipo analitcha South East Africa Montane Archipelago. Anawerenga mitundu 127 ya zomera ndi 90 ya nyama zosapezeka kwina kulikonse. Malire a pa Muloza anaikidwa ndi anthu, mbalame ndi nkhungu siziwadziwa.

Kwa chomera cha pa nthambi, chilumbacho n'chochepa kawiri. Chimafuna phiri loyenera, msinkhu woyenera pa phiripo, mtengo woyenera, kachilombo konyamula mungu, ndi mbalame yoti ipukutire mlomo pa nthambi yoyenera.

Kodi ndi mankhwala? Chili ndi ntchito yanji kwa munthu?

Asing'anga m'madera ambiri a Africa amagwiritsa ntchito zomera za pa nthambi, ndipo ena amati mphamvu yake imatengera mtengo umene chameraponso. Zimenezo sizikupereka chilolezo choti munthu aziyesa chilichonse chomera pa nthambi. Zina zili ndi poizoni, ndipo zina zimayamwa poizoni wa mtengo umene zakhalapo. Safunsa anadya phula.

Kunena zoona, *Helixanthera schizocalyx* sichidzadyetsa mudzi, ndipo sindikuona chifukwa chochinamizira kuti mwina chidzachiza khansa pofuna kuti anthu achilemekeze. Ntchito yake yooneka ndi ya umboni. Chikakhalapo ndiye kuti mitengo ya kunsonga ilipo, mbalame zilipo, nkhungu ikufikabe, ndipo nkhalango imene imasunga madzi a mitsinje yotsikira kumidzi idakali yamoyo. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'munsi mwa mapiri ometedwa mu Malichi 2023, ku Soche ndi kwina, safunika kuuzidwa zambiri za ntchito ya mitengo ya m'phiri.

Bwanji osangotenga njere n'kukadzala ku Zomba kapena ku Kew kuti chisathe?

Ndi mitengo ina zimenezi zimatheka. Mkungudza wa ku Mulanje, *Widdringtonia whytei*, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse. Koma mkungudza umalola kufesedwa. Njere zake zimasungika, zimamera m'machubu, ndipo midzi yozungulira phirili yafesa mbande mazanamazana m'manazale n'kukazibzalanso kumtunda. Ku England, Kew ili ndi nkhokwe yaikulu ya njere ku Wakehurst, yotchedwa Millennium Seed Bank, kumene amaumitsa njere n'kuzisunga pozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro.

Chomera cha pa nthambi sichimvera zimenezo. Njere za mitundu yambiri ya banjali sizikhalitsa, zimayamba kumera zikangotuluka m'khungu la chipatso, ndipo siziyanjana ndi kuumitsidwa. M'chubu cha dothi sizingamere. Kuti muchidzale muyenera kuyamba mwalera mtengo wake mpaka ukule, pamalo a chinyontho ndi kuzizira kofanana ndi kunsonga kwa Mabu, kenako inuyo mugwire ntchito ya mbalame, kumata njere yaiwisi pa nthambi imodziimodzi. Chikamera n'kuchita maluwa, mufunikanso kachilombo kake. Mukawerengetsera zonsezo mupeza kuti mukuyesa kumanga phiri lina. Njira yotsika mtengo ndi yosiya phiri lilipolo ndi nkhalango yake.

Nanga nkhalango ya Mabu yapulumuka bwanji pamene zina zatha, ndipo chikuiopseza n'chiyani?

Yapulumuka makamaka chifukwa cha kutalikira ndi mavuto a anthu. Misewu yofika kumeneko ndi yoipa, mapiri ndi otsetsereka, nkhondo inabalalitsa anthu ndi kutseka esiteti ya tiyi, ndipo malo olima m'zigwa anali okwanira. Si chitetezo chodalirika chimenechi, pakuti msewu ukhoza kukonzedwa chaka chilichonse ndipo anthu akuchuluka.

Zimene zingachitike taziona kale. Ku Namuli nkhalango ya pamwamba yakhala ikugwetsedwa kuti anthu alime mbatata ya kachewere, imene imachita bwino m'nthaka yozizira ya kumtunda ndipo ili ndi msika. Phiri la Thyolo, limene linapereka dzina kwa mbalame yosowa yotchedwa Thyolo alethe, nkhalango yake inatha pafupifupi yonse, ndipo lero malo amodzi odalirika a mbalameyo ndi Mabu. Ndirande anametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990. Kafukufuku wa 2024 uja anapeza kuti mapiri a dera lonseli ataya magawo 18 pa 100 alionse a nkhalango yake yachilengedwe kuyambira chaka cha 2000.

Pa Mabu zoopsa zake ndi minda imene ikukwera pang'onopang'ono m'mphepete, moto wolusa wa m'chilimwe umene umanyambita malire a nkhalango chaka ndi chaka, ndi misampha ya alenje. Palinso kutentha kwa dziko. Kukatentha, zomera za m'phiri zimasamukira kumtunda kufuna kozizira. Chomera chimene chili kale kunsonga chilibe kokwera.

Sindikufuna kuloza chala mlimi wa mbatata. Munthu amene ana ake akufuna fizi sangasiye munda chifukwa cha duwa limene sanalionepo. N'chifukwa chake ntchito imene ikuchitika pa Mabu, mothandizidwa ndi mabungwe osamalira zachilengedwe monga WWF ndi Rainforest Trust, ndi yoti phirili likhale malo otetezedwa oyang'aniridwa ndi midzi yomweyo, osati paki ya mpanda ndi mfuti. Zidzayenda ngati anthu a m'midziyo adzaone phindu m'manja mwawo.

Kodi chingapezekenso ku Malawi?

Mtengo wake tili nawo, dzina lake lomwe likuchitira umboni. Koma Zomba ndi Mulanje ndi mapiri amene akatswiri a zomera akhala akuwapondaponda kuyambira masiku a Alexander Whyte, amene anatola zitsanzo pa Mulanje mu 1891, ndipo chomerachi sichinalembedwepo kumeneko. Congdon mwiniyo ankazidziwa za ku Malawi ndipo ichi anachiona kuti n'chachilendo. Komabe zomera za pa nthambi n'zosavuta kuziphonya: zikakhala zopanda maluwa zimangooneka ngati masamba a mtengowo, ndipo otolera ambiri amayenda maso ali pansi. Wophunzira wa sayansi ya zomera amene akusowa mutu wa kafukufuku akhoza kutha nyengo imodzi akuyang'ana nthambi za *Psychotria zombamontana* m'tinkhalango totsala ta Zomba ndi Mulanje, ndipo sangabwereko chimanjamanja, ngakhale atapeza abale ake okha.

Ndikaona chomera chimene sindinachionepo m'phiri, nditani?

Musachizule, ndipo musathyole chonse. Ngati chilidi chosowa, mwina chimene mwagwiracho ndi chimodzi mwa zochepa zotsala. Komanso kutola zomera m'nkhalango yotetezedwa kumafuna chilolezo cha a Nthambi ya Zankhalango, ndipo kudutsa nazo malire a dziko ndi mlandu wina.

Foni yanu ndi yokwanira. Jambulani chomera chonse chili pamalo pake, kenako duwa chapafupi, kutsogolo ndi cham'mbali, tsamba pamwamba ndi kunsi, ndi chipatso ngati chilipo. Ikani chala kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike. Lembani tsiku ndi malo, ndipo ngati foniyo imasonyeza manambala a GPS, asungeni. Funsani akuluakulu a m'mudzi wapafupi dzina limene amachitcha ndi ntchito yake, mulembe mmene anenera ndi chilankhulo chimene anenera. Zithunzizo mukhoza kupita nazo ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, kapena kuziika pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist, pamene akatswiri a m'maiko osiyanasiyana amathandiza kuzindikira zamoyo. Nthawi zambiri adzakuuzani kuti n'chodziwika kale, mwina kungoti sichinalembedwepo m'dera lanulo, ndipo zimenezonso amazifuna.

Chikakhala cha pa nthambi, jambulaninso polumikizira pake potupa paja, ndi masamba ndi khungwa la mtengo umene chakhalapo. Funso loyamba limene katswiri adzakufunseni ndi lakuti, "Chinamera pa mtengo wanji?"